"Akuti" sapulumutsa munthu kukhoti: zomwe mwini podikasiti ayenera kudziwa pa mlandu woipitsa mbiri

Tiyerekeze kuti ndi Loweruka masana, m'kachipinda kena ku Area 25. Matiresi awiri atsamira kukhoma kuti phokoso la agalu ndi njinga za kabaza lisalowe. Patebulo pali maikolofoni awiri, foni yojambulira aikhazika pa kamtengo ka miyendo itatu, ndipo mlendo wa lero ndi woimba yemwe adatchukapo zaka zingapo zapitazo. Macheza akoma. Pofika mphindi ya 40, mwini pulogalamu akufunsa chomwe chidamulekanitsa ndi manijala wake wakale. Woimba uja akumwa madzi, akupukusa mutu, kenako akuti: "Amene uja ndi wakuba. Ndalama za shoo ya ku Mzuzu adadya yekha. Ndipo si ine ndekha wolira, kafunseni atsikana omwe amawalonjeza kuti awajambulitsa nyimbo." Mwini pulogalamu akuwomba m'manja, akuseka, akuti, "Eee, apa ndiye zatuluka!" Mumtima akudziwa kale kuti kachidutswa ka masekondi 45 aka ndi kamene kayende pa TikTok ndi m'magulu a WhatsApp pofika Lolemba.

M'masekondi amenewo muli nkhani ziwiri zomwe loya wa manijala uja angazikondwerere, ya kuba ndi ya atsikana. Zonse zikhoza kugwera mwini pulogalamu, ngakhale kuti pakamwa pake sipadatuluke mawu oti wakuba. Iye ndiye adajambula, adamvetsera, adasankha kusadula, adalemba kamutu kokopa, n'kuponya pa intaneti. Pamaso pa lamulo, wofalitsa amasenza mtolo womwewo ndi wolankhula. Ndipo wodandaula ali ndi ufulu wosankha woti amusumire. Kawirikawiri amasankha yemwe ali ndi dzina, adilesi ndi kandalama kakubanki.

Ambiri mwa achinyamata omwe atsegula mapodikasiti adaphunzira luso lawo poonera anzawo a ku America ndi ku South Africa. Kakhalidwe ka pa mpando, kaseka, kafunsidwe ka mafunso oboola, zonse n'zotengera. Chomwe sichitengereka ndi lamulo lomwe limateteza anthu amenewo kwawo.

Ku America, kuyambira pa chigamulo cha khoti lawo lalikulu pa mlandu wa New York Times ndi Sullivan mu 1964, munthu waudindo m'boma sangapambane mlandu woipitsa mbiri pongoonetsa kuti zomwe zidanenedwa n'zabodza. Ayenera kuonetsanso kuti wonenayo ankadziwa kuti akunama, kapena sadasamale n'komwe ngati n'zoona kapena ayi. Pambuyo pake chitetezo chimenechi chidafikanso pa zonenedwa zokhudza anthu otchuka. N'chifukwa chake mumamva munthu wa ku Texas akulalatira seneta wake maola atatu popanda chomuchitikira. Lamulo lathu lidachokera ku England, ndipo limayenda mosiyana kwambiri. Kuno wodandaula amangoonetsa zinthu zitatu: kuti mawuwo ndi otsitsa munthu pamaso pa anthu oganiza bwino, kuti ankanena za iyeyo, ndiponso kuti adafika m'makutu a munthu wina kupatula iye mwini. Akatero, khoti limayamba ndi kuganiza kuti mawuwo ndi abodza. Ntchito yotsimikizira kuti ndi oona imakhala yanu, wonena. Manijala uja sayenera kubweretsa malisiti osonyeza kuti sadabe. Ndinu oyenera kubweretsa umboni woti adaba.

Ngakhale ku America komweko, mpanda uli ndi polekezera. Alex Jones, mwini pulogalamu ya Infowars, adakhala zaka akuuza omvera ake kuti kuphedwa kwa ana 20 ndi akuluakulu 6 pa sukulu ya Sandy Hook ku Connecticut mu Disembala 2012 kudali sewero, ndipo makolo olirawo adali ochita zisudzo. Omvera ena adakhulupirira n'kuyamba kuzunza makolowo, mpaka ena kusamuka nyumba kangapo. Mu 2022 makhoti a ku Texas ndi ku Connecticut adamulamula kulipira ndalama zomwe zonse pamodzi zidaposa madola 1.4 biliyoni. Chaka chomwecho, khoti la ku Atlanta lidalamula mayi wina wa pa YouTube, Tasha K, kulipira woimba Cardi B pafupifupi madola 4 miliyoni chifukwa cha mavidiyo omunena za uhule, mankhwala ozunguza bongo ndi matenda opatsirana. Zina mwa nkhanizo zidatuluka pakamwa pa mlendo yemwe adamuitana pa pulogalamu yake. Onse awiri, Jones ndi Tasha K, adakathera kukhoti loona za anthu olephera kubweza ngongole.

Tibwerere kwathu, komwe zinthu zidasintha mu 2025 ndipo ambiri adangomva theka la nkhani.

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 amanena mwachidule m'gawo 35 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wolankhula zakukhosi. Gawo 36 limapatsa atolankhani ufulu wolemba ndi kufalitsa nkhani momasuka, m'dziko muno ndi kunja. Kwa anthu omwe adakula m'nthawi yomwe munthu ankatha kusowa chifukwa cha chiganizo chimodzi cholankhulidwa m'basi, mizere iwiri imeneyi si yamasewera. Koma buku lomwelo, m'gawo 19, limati ulemu wa munthu sungaphwanyidwe, ndipo gawo 21 limateteza chinsinsi cha moyo wake. Gawo 44 ndilo limayala muyeso wa malire: ufulu ungachepetsedwe pokhapokha ngati pali lamulo lotero, malirewo ndi omveka, ndi ovomerezeka pa mfundo za ufulu wa anthu padziko lonse, ndipo ndi ofunikira m'dziko la demokalase. Mlandu uliwonse woipitsa mbiri umakhala kukokana kwa magawo amenewa, pakamwa panu mbali ino, dzina la mnzanu mbali inayo.

Kwa zaka zambiri, kuipitsa mbiri kudali ndi zitseko ziwiri. China n'cha munthu kukusumirani yekha, kufuna chipepeso cha ndalama. China chidali cha apolisi, kudzera m'gawo 200 la Penal Code, lomwe linkati kuipitsa mbiri ndi mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo. Chitseko chachiwirichi n'chomwe anthu amphamvu ankachikonda, chifukwa sichinkafuna kuti alipire loya. Bwana ankangoimba foni, galimoto ya polisi n'kunyamuka. Amene amatsatira nkhani akukumbukira za Martha Chizuma, yemwe adali mkulu wa bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB. Wina adamujambula mobisa akucheza pafoni, mawuwo adayenda pa WhatsApp mu Januwale 2022, ndipo m'bandakucha wa pa 6 Disembala chaka chomwecho apolisi adakamutenga kunyumba kwake. Milandu yomwe adamutsegulira idathetsedwa mu Febuluwale 2023, koma dziko lonse lidaona momwe malamulo okhudza zolankhula angagwiritsidwire ntchito.

Yemwe adagwetsa gawo 200 ndi Joshua Chisa Mbele, munthu wodziwika ndi zolembalemba pa Facebook. Adamuimba mlandu pa zomwe adalemba zokhudza General Vincent Nundwe, yemwe panthawiyo adali mkulu wa asilikali. M'malo mongodziteteza, iye adafunsa khoti ngati gawolo likugwirizana n'komwe ndi malamulo oyendetsera dziko. Mu Julaye 2025, oweruza atatu a Khoti Lalikulu, Chifundo Kachale, Fiona Mwale ndi Mzonde Mvula, adagamula kuti silikugwirizana nawo. Mfundo yawo yaikulu idali yoti kuopseza munthu ndi ndende chifukwa cha mawu kumaziziritsa pakamwa pa anthu onse, pomwe njira yosumirana ilipo kale ndipo ndi yokwanira kuteteza dzina la munthu. Sitidayambe ndife. Khoti la Africa la ufulu wa anthu lidanena kale mu 2014, pa mlandu wa mtolankhani Lohé Issa Konaté wa ku Burkina Faso, kuti ndende si chilango choyenera pa mlandu wotere. Makhoti a ku Zimbabwe, Kenya ndi Lesotho adagwetsa malamulo awo otere m'zaka zotsatizana nazo, ndipo anzathu a ku Zambia adachotsa mlandu wonyoza mtsogoleri wa dziko mu Disembala 2022.

Chigamulo cha Mbele n'chosangalatsa, ndipo ine ndidachikondwerera. Koma ndamvapo achinyamata akuchimasulira kuti "defamation adathetsa". Ayi ndithu. Adatseka chitseko chimodzi, ndipo oweruza omwewo adaloza chitseko chinacho n'kunena kuti odandaula azilowera kumeneko. Kalata ya loya yopereka masiku 7 kuti mupepese ndi kulipira ikadali yamoyo.

Apolisinso sadatsale manjamanja. Pali lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe lili ndi milandu monga kuzunza munthu pa intaneti m'gawo 86, kutumiza mauthenga onyansa kapena osokoneza mtendere wa wina m'gawo 87, ndi kutumiza mauthenga achisawawa m'gawo 91. Mawu a magawo amenewa ndi otakasuka moti wapolisi wofuna kukondweretsa bwana atha kulowetsamo chilichonse. Mu Meyi 2022, namwino wina wa ku Ntcheu adamangidwa pa zomwe adalemba m'gulu la WhatsApp zokhudza Lazarus Chakwera, yemwe panthawiyo adali Pulezidenti. Mu Epulo 2024 mtolankhani Macmillan Mhone adamangidwa chifukwa cha nkhani yomwe idatuluka pa intaneti miyezi ingapo m'mbuyomo. Mabungwe omenyera ufulu wa atolankhani monga MISA Malawi akhala akudandaula za lamuloli kwa zaka. Maganizo anga ndi oti magawo ena amenewa sangapirire muyeso wa gawo 44 atayesedwa bwino, koma kufikira wina atachita zomwe adachita Mbele, akadali m'buku, ndipo kumangidwa Lachisanu madzulo kumatanthauza kugona m'chitokosi mpaka Lolemba ngakhale mlanduwo udzafere panjira.

Tsopano tione mawu omwe amagwetsa anthu, chifukwa apa mpomwe pali ntchito yeniyeni.

Woyamba ndi "akuti". Chichewa chidatipatsa kamawu kokoma aka, ndipo timakakonda chifukwa kamamveka ngati ambulera. "Akuti abusa aja adapereka mimba kwa mwana wa kwaya." "Zikumveka kuti a DC adagulitsa malo a sukulu." "Ife tangomva, sitikudziwa." Lamulo silizindikira ambulera imeneyi. Wobwereza mphekesera amatengedwa ngati wainena yekha, ndipo kuti adziteteze ayenera kutsimikiza kuti abusawo adaperekadi mimba, osati kungotsimikiza kuti anthu akunenadi choncho. Makolo adatichenjeza kale kuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Chimodzimodzi kuwerenga sikirinishoti pa pulogalamu, kuseweretsa voisi noti yomwe "yatipeza ku inbox", kapena kuwerenga mokweza ndemanga ya womvera. Mukangoitulutsa pa maikolofoni anu, yasanduka yanu.

Wachiwiri ndi "sititchula dzina". Uyu ndiye amandiseketsa. Munthu amati, "Sitimutchula, koma ndi mkulu wina wa banki ina, wamtali, amayendera galimoto yofiira, mkazi wake ali ndi saluni ku Namiwawa." Khoti silifunsa ngati dzina lidatchulidwa. Limafunsa ngati anthu omudziwa wodandaulayo, atamva mawuwo, akadazindikira kuti akunena iyeyo. Malawi ndi mudzi umodzi waukulu, ndipo mzinda wa Blantyre ulibe akuluakulu a banki ambiri oyendera galimoto yofiira. Choopsa china n'chakuti mukabisa dzina mosasamala, mutha kupaka matope anthu atatu osalakwa omwe akufanana ndi chithunzi mwajambulacho, ndipo aliyense wa iwo atha kukusumirani. Kusafuna kwanu kumuipitsa sikuthandiza. Ku England, kale mu 1910, nyuzipepala ina idalipira chipepeso kwa loya wina dzina lake Artemus Jones chifukwa cha nkhani yongopeka yomwe munthu wake wachiwerewere adapatsidwa dzina lomwelo.

Wachitatu ndi kufunsa funso, kapena kutsinzinira diso. "Ife tikungofunsa, kodi nyumba ya nsanjika ija adamangira malipiro ati?" Pali nkhani ina ya ku Britain yomwe mwini podikasiti aliyense ayenera kuidziwa. Mu Novembala 2012, BBC idaulutsa nkhani yoti wandale wina wamkulu wa chipani cha Conservative adachitira nkhanza ana, osamutchula dzina. Anthu pa Twitter adayamba kuloza Lord McAlpine, yemwe adali wosalakwa. Sally Bercow, mkazi wa sipikala wa nyumba ya malamulo panthawiyo, adangolemba kafunso kofunsa chifukwa chomwe dzina la McAlpine likutchukira, n'kuwonjezera timawu tosonyeza nkhope ya munthu wosadziwa kanthu. Mu 2013 khoti lidagamula kuti kafunsoko kadali kuloza chala, ndipo adalipira. Tanthauzo lomwe khoti limayang'ana ndi lomwe womvera wamba adatola, osati lomwe inu mudzalumbirire pambuyo pake. Pa podikasiti ya vidiyo, kukweza nsidze, kuseka kwa m'mbali, ndi kachithunzi koika pachikuto zonse ndi mbali ya uthenga.

Ndiye pali "m'maganizo mwanga". Awa ndi mawu othandiza, koma pokhapo pomwe chotsatira chake chili maganizo enieni. Lamulo limateteza ndemanga yachilungamo pa nkhani yokhudza anthu onse, bola ikhale ndemanga, yotsamira pa mfundo zoona zomwe mwazitchula kapena zodziwika kale, ndiponso yochokera pansi pa mtima osati m'chidani. Mutha kunena kuti chimbale cha woimba uja n'chozizira, kuti kochi wa Flames sakudziwa kusankha osewera, kuti nduna yomwe idalonjeza feteleza mu Okutobala n'kumufikitsa mu Januwale yalephera ntchito ndipo ichoke. Zonsezo n'zololedwa, ngakhale zitawawa chotani. Koma "m'maganizo mwanga ndunayi idaba ndalama za feteleza" si maganizo. Kuba ndi chinthu chomwe chidachitika kapena sichidachitike, ndipo mawu oyambirirawo sasintha kanthu.

Wina afunsa kuti, nanga andale sitingawakhudze? Akhudzeni, ndipo kolimba. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo munthu yemwe adapempha mavoti kapena amadya misonkho yathu ayenera kupirira mafunso omwe munthu wamba sangawapirire. Chomwe chimakutetezani n'chakuti mumenye pomwe pali umboni. Zida zilipo zambiri kuposa momwe timazigwiritsira ntchito. Zonenedwa m'nyumba ya malamulo ndi m'khoti lotseguka mutha kuzifotokoza, bola mufotokoze molondola ndi mosakondera, osasiya mbali ya woimbidwa mlandu. Malipoti a Auditor General, a Ombudsman, ndi a makomiti a Nyumba ya Malamulo ndi nkhokwe yodzadza. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani m'maofesi a boma, Access to Information Act, lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo silidalembedwere atolankhani a makadi okha. Kungoti samalani ndi kusiyana kwa "wamangidwa", "akuimbidwa mlandu" ndi "wapezeka wolakwa". Munthu yemwe ACB yamugwira dzulo si mbava pamaso pa lamulo. Ndi woganiziridwa. Samalaninso ndi phungu yemwe adalankhula molimba mtima m'nyumba ya malamulo: chitetezo chake chimathera pakhomo la nyumbayo. Akabwera mu situdiyo yanu n'kubwereza zomwezo, nonse awiri muli pamtetete.

Choonadi ndicho chishango chachikulu, koma choonadi cha kukhoti si chomwe "aliyense akudziwa". Ndi chomwe mungachiike patebulo la woweruza patatha zaka ziwiri kapena zitatu: kalata, lisiti, uthenga wosungidwa bwino, mboni yomwe ingavomere kuima m'bokosi n'kulumbira. Mboni zambiri zolankhula molimba kuseri zimazimitsa foni tsiku la mlandu. Woimba wathu uja, yemwe lero akulumbira kuti manijala adadya ndalama, mwina pofika chaka chamawa adzakhala atagwirizananso naye, akujambula chimbale chatsopano. Inu mudzatsala nokha ndi kachidutswa ka masekondi 45.

Kwa abale athu omwe akujambulira ku Johannesburg kapena Cape Town, dziwani kuti kumeneko choonadi pachokha sichikwanira. Muyenera kuonetsanso kuti kuulula nkhaniyo kudali kopindulitsa anthu onse. Makhoti akumeneko sachedwanso ndi za pa intaneti: mu 2019 Trevor Manuel, yemwe adakhalapo nduna ya zachuma, adapambana mlandu wotsutsana ndi chipani cha EFF pa chikalata chomwe chidaikidwa pa Twitter. Ku England, kuyambira pa lamulo lawo la 2013, wodandaula ayenera kuonetsa kuti mbiri yake yavulala kwambiri, koma ndalama za maloya kumeneko n'zokwanira kumugulitsitsa munthu nyumba. Ndipo poti podikasiti imamveka paliponse, yemwe ali ku Leeds n'kumanyoza munthu wa ku Kasungu asadzinamize kuti nyanja yamutchinga. Mbiri ya munthuyo yaonongekera komwe amakhala, ndipo tsiku lina wonyozayo adzafuna kubwera kumaliro.

Pali misampha ina yomwe si yoipitsa mbiri kwenikweni koma imakhala m'njira yomweyo, ndipo ina ndi yathuyathu. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa Witchcraft Act ya 1911, lamulo lakale lomwe likadagwirabe ntchito. Mapulogalamu a maumboni, omwe mlendo amafotokoza momwe "azakhali ake adamulodzera", amayenda pa ulusi wopyapyala kwambiri, ndipo kuno mawu otere aphetsapo agogo osalakwa. Kuulula kuti wakutiwakuti ali ndi kachilombo ka HIV popanda chilolezo chake n'koletsedwa ndi lamulo la 2018 lokhudza HIV ndi Edzi, ndipo apa kunena zoona sikukupulumutsani. Mwana yemwe ali pa mlandu, kaya ndi wolakwiridwa kaya woganiziridwa, satchulidwa dzina kapena kuonetsedwa nkhope. Nkhani yomwe ili m'khoti muikambe mosamala, chifukwa kugamula mlandu pa maikolofoni woweruza asanagamule kutha kutengedwa ngati kunyoza khoti.

Ubwino wa podikasiti, poyerekeza ndi wailesi youlutsa pompopompo, ndi woti pakati pa kulankhula ndi kufalitsa pali mpata. Mpata umenewo ndiwo loya wanu wotchipa kwambiri. Tibwerere m'kachipinda ka ku Area 25 kaja, Lamlungu usiku, mwini pulogalamu ali pa laputopu, mahedifoni kumutu, wafika pa mphindi ya 40. Njira zilipo zingapo. Atha kudula chigawo chonsecho. Atha kuimbira woimba uja n'kumufunsa kuti, "Achimwene, za ndalama za ku Mzuzu zija muli ndi pepala lililonse? Mgwirizano mudalemberana?" Ngati mapepala alipo, aimbire manijalayo, amuuze zomwe zanenedwa, amupatse masiku angapo oti ayankhe, ndipo yankho lakelo liwerengedwe pa pulogalamu momwe lilili. Akakana kuyankha, zinenedwe kuti adafunsidwa ndipo adakana, uthenga womufunsawo usungidwe. Atha kusiyanso mbali yomwe woimbayo akunena zomwe zidamuchitikira iye mwini, kuti adaimba ku Mzuzu ndipo sadalandire kanthu, n'kuchotsa liwu loti wakuba. Omvera si ana, adzawerengera okha. Koma za atsikana zija zichoke basi, pokhapokha ngati mtsikana mwiniwake atabwera ndi nkhani yake, ndipo imeneyo ndi pulogalamu ina yofunika kukonzekera kwina.

Kufunsa mbali inayo kumaoneka ngati kutaya nthawi, makamaka pomwe mukuopa kuti anzanu akutsogolerani. Koma kumachita zinthu ziwiri. Nthawi zina kumakuululirani kuti nkhaniyo ndi yabodza musanadzipachike nayo. Ndipo zikafika kukhoti, kumasonyeza kuti simudali ndi chiwembu. Chidani chikaoneka, chimaphwanya chitetezo cha ndemanga yachilungamo ndipo chimakweza chipepeso. Woweruza adzamva momwe mudasekera, adzawerenga kamutu komwe mudalemba, adzaona kuti mudabwereza nkhaniyo magawo atatu otsatizana mutalandira kale kalata yodandaula.

Za timitu ndi tizidutswa ndiyenera kuziima pang'ono, chifukwa ndi pomwe ambiri osamala amagwera. Pulogalamu yonse ya ola limodzi itha kukhala yolongosoka, mbali zonse zamveka, koma kachidutswa koponyedwa pa TikTok kangotenga chiganizo chimodzi choyaka moto, pamwamba n'kulembapo zilembo zazikulu kuti "WAULULA ZONSE: MANIJALA NDI MBAVA". Anthu 300 adzamvera ola lonselo. Anthu 30,000 adzaona kachidutswako kokha, ndipo kameneko kakhoza kuweruzidwa pakokha. Ngati ntchito yodula tizidutswa mudaipereka kwa mphwanu wa Fomu 4 chifukwa ndiye amadziwa CapCut, dziwani kuti mwamupatsa makiyi a akaunti yanu ya kubanki.

Chikalata chosainirana ndi mlendo n'chabwino kukhala nacho, nkhanga zidapangana kusanapse. Chinene kuti wavomera kujambulidwa, kuti muli ndi ufulu wodula, ndiponso kuti zomwe anene ndi zoona monga akudziwira. Koma musachiyese linga. Mgwirizano wa inu awiri sumanga munthu wachitatu yemwe waipitsidwa. Chimodzimodzi kamawu kaja koyambirira koti maganizo a alendo si a pulogalamu ino: n'kaulemu chabe, sikachotsa udindo wa wofalitsa.

Kalata ya loya ikafika, chinthu choyamba n'kusaiwerenga pa pulogalamu mukuseka. Ambiri amatero, poti imabweretsa omvera, ndipo amakhala akuwonjezera ziro pa chipepeso. Chachiwiri, musafufute mafayilo oyambirira, mauthenga, kapena manotsi anu. Kutsitsa gawolo pa intaneti podikira uphungu n'kwanzeru ndipo sikutanthauza kuvomera kulakwa, koma kuononga umboni kumaoneka moipa kwambiri. Alex Jones uja adagonja milandu yake isanafike n'pokambirana zoona ndi zabodza, chifukwa oweruza adatopa naye pokana kupereka zikalata zomwe khoti linkafuna. Kenako pezani loya, ngakhale wongocheza naye ola limodzi, musanayankhe chilichonse. Si kalata iliyonse yomwe ili ndi mano. Ena amatumiza pongofuna kukuopsezani kuti musiye kufukula zomwe zili zoona, ndipo ngati mapepala anu ali m'malo, mutha kuima nji.

Koma ngati mwalakwitsa, pepesani msanga, ndipo pepesani pomwe mudalakwira: pa pulogalamu yomweyo, koyambirira osati kumapeto nyimbo yotsekera ikulira, komanso pa TikTok pomwe padayenda kachidutswa kaja. Kupepesa sikufafaniza mlandu, koma makhoti amakuwerengera pochepetsa chipepeso, ndipo odandaula ambiri chomwe amafuna n'choti apongozi awo, abwana awo ndi akumpingo amve kuti zija zidali zabodza. Kupepesa kwa "ngati pali yemwe wakhumudwa" sikugwira ntchito. Tchulani zomwe mudanena, nenani kuti sizidali zoona, ndipo mutchule dzina la munthuyo momveka bwino monga mudalitchulira tsiku loyamba lija.